Za Mphatso Zimene Tipita Nazo kwa Odwala Shuga

Pali mwambo pakati pathu umene tiuyesa cifundo, ndipo ine ndifuna kutsutsana nao m'masamba ano, ngakhale ndidziwa kuti ena a inu simudzakondwera nao mau anga. Munthu akadwala pa mudzi, ife tisonkha makobiri, ndipo tituma mwana ku sitolo kukagula paketi ya shuga, buledi woyera ndi botolo la zakumwa zotsekemera. Titenga izi, tilowa nazo m'nyumba ya wodwala, tiziika pa mphasa, ndipo tibwerera kwathu mitima iri mbee, ndi kunena kuti, Tazonda mbale wathu. Kwa wodwala malungo mphatso yotere iribe mlandu. Koma alipo odwala ena m'midzi ya ku Euthini, ku Mzambazi, ku Kafukule, ku Embangweni ndi pa boma pa Mzimba, amene nthenda yao ndiyo shuga, ena a iwo osaona, ena odulidwa mwendo, ena ofa ziwalo mbali imodzi. Ndipo kwa iwo paketi ija iri ngati udzu wouma woponya pa nyumba yakupsa. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindinena kuti ozondawo ali ndi mtima woipa. Mtima ngwabwino, cimene casowa ndico kudziwa. Cifukwa cace tiyambe tadziwa nthendayo. Cakudya ciri conse ca ufa, kapena nsima, kapena phala, buledi, mpunga, cinangwa ndi mbatata, cikafika m'mimba cisanduka shuga, ndipo shugayo alowa m'mwazi. M'kati mwa munthu muli ciwalo cochedwa kapamba, cimene citurutsa madzi ace ochedwa insulin. Nchito ya insulin ndiyo kutsegulira shuga njira kuti acoke m'mwazi nalowe m'minofu, kumene asanduka mphamvu. Kapamba akafooka, kapena thupi likaleka kumvera insulin, shuga atsala m'mwazi nacuruka. Pamenepo munthu amva ludzu losatha, auka kawirikawiri usiku kukataya madzi, aonda ngakhale alikudya, atopa msanga, ndipo cironda cacing'ono cikana kupola. Zaka zikapita, shuga uja aononga timitsempha ta m'maso, ta mu impso ndi ta m'mapazi.

Ambiri ati, Imeneyo ndi nthenda ya olemera, ya akuru a m'tauni okwera galimoto. Mau awa ngonama. M'caka ca 2009 boma pamodzi ndi bungwe la WHO linapima anthu a zaka 25 kufikira 64 m'dziko lonse la Malawi, ndipo linapeza kuti pafupifupi 6 mwa anthu 100 ali onse anali ndi shuga wopitirira muyeso, a m'tauni ndi a m'midzi omwe. Pakati pa 2013 ndi 2016 madotolo anapimanso anthu oposa 28,000 ku Karonga ndi ku Lilongwe. Ciwerengero cao cinali cocepa, pakuti m'midzi ya ku Karonga anapeza monga 2 mwa 100. Koma kunaoneka cina coopsa, cakuti mwa odwalawo 4 mwa 10 sanadziwe konse kuti ali nayo nthendayi. Werengani tsono akuru a m'mudzi mwanu ndi a m'midzi yoyandikana nanu, ndipo mudzaona kuti siiri nkhani ya kutali.

Taonaninso unyolo wace. Shuga acititsa khungu, ndipo wosaona sangathe kupalira munda. Shuga apha mitsempha ya m'mapazi, kotero kuti munthu aponda munga kapena khala la moto osamva kanthu. Cirondaco cibvunda, ndipo ku cipatala adula mwendo. Wodulidwa mwendo sapita ku dimba. Alipo enanso amene anali olumala kale nthendayi isanawapeze, pakuti kalembera wa 2018 anaonetsa kuti munthu mmodzi mwa 10 m'dziko muno ali naco cilema ca mtundu wina. Onsewa nthenda yawalanda khasu, ndipo pamodzi ndi khasu yawalanda ufulu wakusankha cimene adye. Adya cimene tawapatsa ife. Wamaso akhoza kukana. Wosaona alandira kapu ya tiyi m'dzanja, namwa, nayamika. Cotero mlandu wa cakudya cao suli pa iwo, uli pa ife amene tiwaphikira ndi kuwazonda.

Tsono mverani za botolo lija. M'botolo limodzi laling'ono la zakumwa zotsekemera muli shuga wokwana monga supuni zazing'ono 8. Bungwe la WHO linena kuti ngakhale munthu wamkuru wosadwala asapitirire supuni zazing'ono 12 za shuga wothira pa tsiku lonse. Nanga wodwala, amene thupi lace lilephera kucotsa shuga m'mwazi, tikampatsa botolo, ndi tiyi wa supuni zinai, ndi buledi woyera, zonse m'mawa umodzi, tamcitira ciani? Ena ati, Tiyeni timpatse uci m'malo mwa shuga, pakuti uci ngwa m'chire. Iai, uci ndi shuga yemweyo. Thobwa wothira shuga, nzimbe, mandasi ndi madzi a zipatso a m'mabotolo, zonsezi nza banja limodzi.

Pano wina adzaimirira nati, Wanena bwino, koma cakudya coyenera wodwala shuga cigulidwa m'masitolo akuru a ku Mzuzu, ndipo ife tiribe ndalama zotere. Limeneli ndi bodza laciwiri, ndipo lapha anthu ambiri ndi kutaya mtima. Cakudya coyenera wodwala shuga ciri kuseri kwa nyumba yanu. Ndico nkhwani, khwanya, citambe, bonongwe, cisoso, luni, kholowa, mpiru, cigwada ndi therere, zimene kuno tiziika pamodzi m'dzina la mphangwe. Ndico nyemba, khobwe, nandolo, nzama, soya ndi mtedza. Ndico usipa wocokera ku nyanja, dzira la nkhuku ya pakhomo, bowa ndi inswa m'nyengo yace, ndi amasi osathira shuga kwa iwo akuweta ng'ombe. Masamba alibe shuga wakuopsa munthu, ndipo adzaza mimba. Nyemba ndi zinzace zigayika pang'onopang'ono, kotero kuti shuga wace alowa m'mwazi mosathamanga, ndipo munthu akhala nthawi osamva njala. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo za m'sitolo zonse zinakwera mtengo. Koma cisoso ca m'mbali mwa munda sicinamve mbiri ya Kwacha.

Cimene citibvuta siumphawi wokha ai, koma manyazi. Tinaphunzira kuyesa kuti ca m'pepala ndi ca m'botolo ndico culemu, ndi kuti ca m'munda ndico ca anthu osauka. Mai wopita kukazonda wodwala atasenza mtanga wa nkhwani ndi kambale ka nyemba aopa kuti anzace adzamseka, nadzati waumira. Cotero agulitsa nyemba zomwezo pa msika, nagula nazo shuga, napita naye monyada. Wagulitsa mankhwala, nagula nthenda. Ndiponso pa nyengo ya kukolola tigulitsa mtedza, soya ndi nyemba zathu zonse kwa amalonda pa mtengo wocepa, osasiyako ndi tini limodzi, ndipo pofika Okutobala ndiwo zatha m'nyumba, natsala mcere ndi nsima. Munthu wolimba apirira nazo zimenezi. Wodwala shuga ndiye alipira ndi maso ace.

Ndifunanso kutsutsa mau ena amene amveka ngati anzeru. Anthu ati, Wodwala shuga adye mgaiwa, ndipo kwatha. Mgaiwa ngwabwino ndithu, pakuti gaga ndi mtima wa cimanga zikhalamo, ndipo thumba la cimanga likhalitsa popeza palibe cotayika pokonola. Koma mgaiwa simankhwala. Aphunzitsi a ku Bunda anayesa nsima za mitundu ya ufa wathu, nalengeza m'caka ca 2016 kuti nsima ya mgaiwa nayonso ikweza shuga msanga m'mwazi. Cifukwa cace iye wakudya mitanda inai ya mgaiwa, ndi kunena mumtima kuti, Ndamvera dotolo, adzinyenga yekha. Cinthu cacikuru sindico mtundu wa ufa, koma muyeso wa nsima.

Muyesowo ndi uwu, ndipo sulira sikelo. Gawani mbale ya wodwala pakati. Theka lonse likhale masamba. Theka linalo muligawenso pawiri: mbali imodzi nyemba, kapena usipa, kapena dzira, mbali inayo mtanda umodzi wa nsima wolingana ndi nkhonya ya mwini wace. Ngati adya mbatata kapena cinangwa, zimenezo zilowa m'malo mwa nsima, siziri zoonjezera pa nsima ai. Adye katatu pa tsiku, pa nthawi zosasinthika, osati kukhala ndi njala dzuwa lonse ndi kudzakhuta usiku. Zipatso adye, koma cimodzi pa nthawi: gwafa, cigawo ca papaya, bango limodzi, masuku a m'dzanja limodzi, osati kukhala pansi pa mtengo wa mango ndi beseni. Peyala liribe shuga wambiri, ndipo nlabwino kwa iye. Mafuta a m'botolo acepe, pakuti nsinjiro zikwanira kukometsa ndiwo. Mcere ucepenso, popeza shuga ayenda kawirikawiri ndi nthenda ya kuthamanga kwa mwazi. Muyeso wa WHO ndiwo magalamu osafika 5 pa tsiku, ndiyo supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi mcere wa m'ndiwo zonse. Cakumwa cace cikhale madzi, ndi tiyi wopanda shuga. Iye amene impso zace zayamba kale kudwala afunse dotolo za muyeso wa nyemba ndi ndiwo zina.

Mudzati, Ndiwo sizikhutitsa. Amene sanadye nsima yambiri sanadye. Makolo athu anayesa cotero cifukwa anali kugwira khasu kuyambira mbandakuca kufikira dzuwa litapendeka, ndipo thupi linatentha nsima yonseyo monga moto utentha nkhuni. Koma wokhala pa mphasa tsiku lonse, amene miyendo yace siyenda, alibe moto wotere. Kumpatsa mitanda ya mlimi ndiko kuthira madzi mu mtsuko wodzala kale. Mudzatinso, Nanga miyezi ya njala? Taonani, mu Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe yapepuka, ndipo pomwe masamba acuruka m'minda yonse, kotero kuti tiwazula ngati udzu ndi kuwataya. Amai athu akale anadziwa kufutsa masambawo, nawayanika, nawasunga m'zikwatu kufikira malimwe. Luso limenelo silinafe, langonyozedwa. Mfutso wa citambe wosungidwa mu Malici ndiwo moyo wa wodwala mu Okutobala.

Koma tsopano ndifike pa mtima pa nkhani. Cakudya cimeneci sicilira ndalama zambiri, cilira manja. Masamba afuna wochola. Nyemba zifuna nkhuni ndi madzi, ndi munthu wokhala pa moto. Dimba lifuna wothirira. Izi ndizo zimene wolumala alibe, ndipo ndico cifukwa cace akakhala yekha atuma mdzukulu kukagula mandasi, pakuti mandasi safuna moto. Ife tikagula paketi ya shuga tigula ufulu wathu: tipereka kamodzi, ndipo tapumula mwezi wonse. Koma mtolo wa nkhuni uyenera kubwera mlungu ndi mlungu, ndipo pamenepo mpamene cifundo ciyesedwa. Mphatso ya m'sitolo ikometsa nkhope ya wopereka. Mphatso ya manja isunga mwendo wa wolandira.

Musanene kuti sizitheka, pakuti zacitika m'boma lathu lomwe lino. M'caka ca 2000 a cipatala ca ku Ekwendeni, ataona ana ambiri onyenchera, anayamba nchito pamodzi ndi alimi a m'midzi yozungulira, yakubzala nandolo, mtedza ndi soya m'minda yao, ndi kuphunzitsana kaphikidwe kace, amuna ndi akazi ndi agogo pamodzi. Sanadze ndi cakudya ca m'zitini. Anabwezera ulemu ku mbeu zimene anthu anali nazo. Nthaka inabwerera conde, ndipo ana a m'mabanja amene anakhalitsa pa nchitoyo anakula bwino koposa kale. Mbeu zimene zinakuza ana ku Ekwendeni ndizo zomwezo zifunika m'mbale ya wodwala shuga ku Euthini.

Pali cenjezo limodzi limene wosamala wodwala ali yense aligwire, kuti mau anga angasanduke msampha. Iye amene abayidwa insulin, kapena akumwa mapiritsi a glibenclamide, akakhala osadya shuga wace atsika kopitirira. Ayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuona cidima ndi kulankhula zosamveka ngati woledzera, ndipo akhoza kukomoka ndi kufa. Pa nthawi imeneyo shuga ndiye mankhwala: sungunulani supuni zazing'ono zitatu m'kapu ya madzi, amwe msanga, ndipo pambuyo pace adye cakudya. Ngati wakomoka musamthire madzi m'kamwa, koma mumnyamule kunka naye ku cipatala. Cotero m'nyumba ya wodwala mukhale kashuga pang'ono kosungika, monga tisunga mankhwala, osati monga tisunga ndiwo. Ndipo njala siiri kuciritsa. Amene amana wodwala cakudya, nati alikumsamala, alakwa monga alakwa iye wakumkhutitsa zotsekemera.

Cenjeraninso ndi ogulitsa mizu ndi mabotolo m'misika, amene alonjeza kuti adzacotsa shuga m'thupi kwamuyaya, nauza wodwala kuti aleke mankhwala a ku cipatala. Palibe muzu wotere. Cakudya cabwino cithandiza mankhwala, sicilowa m'malo mwace. Wopatsidwa metformin amwe, wopatsidwa insulin abayidwe. Insulin anampeza Frederick Banting ndi Charles Best ku Toronto m'dziko la Canada m'caka ca 1921, ndipo mu Januwale 1922 anapulumutsa naye mnyamata woyamba. Kale lonse ana ogwidwa ndi nthendayi sanali kukhalitsa. M'caka ca 1923 eni ace anapereka umwini wa mankhwalawo ku sukulu yaikuru ya Toronto pa mtengo wa dola imodzi munthu ali yense. Linganizani amenewo ndi uja wofuna mbuzi ya mkazi wamasiye cifukwa ca botolo la madzi owawa. Safunsa anadya phula. Funsani ku cipatala musanapereke mbuzi.

Boma liri nao udindo wace, ndipo sitiyenera kulimasula. Lamulo la anthu olumala linakhazikitsidwa mu 2012, ndipo lina latsopano linalowa m'malo mwace mu 2024. Mtukula Pakhomo, amene anayamba ku Mchinji mu 2006 nafalikira pambuyo pace m'maboma onse, anaikidwa cifukwa ca mabanja osauka opanda wogwira nchito. Mafumu ndi akuru a mudzi aonetsetse kuti wolumala wodwala shuga sanadumphidwe polemba maina, pakuti iye sangathe kuyenda kunka ku msonkhano kukadzinenera yekha. Koma lamulo silichola nkhwani, ndipo ndalama ya boma siyatsa moto pa mafuwa. Zimenezo nzathu.

Cifukwa cace ndipempha zinthu izi kwa akuru a mpingo, kwa amai a Umanyano ndi a Mvano, kwa Madodana ndi kwa anyamata. Coyamba, dziwani maina a odwala shuga a m'dera lanu, makamaka olumala ndi okhala okha; ndipo musanapite kukazonda munthu, funsani kuti nthenda yace nciani. Caciwiri, makobiri amene munasonkhera shuga ndi buledi mugulire nyemba, usipa, mazira ndi sopo, kapena muwasunge akhale a ulendo wa ku cipatala pa tsiku lokapimitsa ndi kutenga mankhwala, pakuti njira ya ku boma ndi ya ku Embangweni njaitali kwa munthu wa mwendo umodzi. Cacitatu, pa kukolola banja liri lonse lipatule mbale imodzi ya nyemba kapena ya mtedza amalonda asanafike. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Cacinai, anyamata alime kadimba pafupi ndi khomo la wodwala, kamene kangathiridwe ndi madzi otsukira mbale, kuti masamba akhale pofikira dzanja. Cacisanu, gawanani masiku a nkhuni ndi madzi. Ndipo nyemba muziviike madzulo, kuti m'mawa zipse ndi nkhuni zocepa. Cacisanu ndi cimodzi, wofika pa nyumbayo ayang'ane mapazi a wodwala, pansi ndi pakati pa zala, popeza mwini wace sawaona ndipo samva kuwawa; akapeza kabala kapena thuza, asadikire mawa. Wodwalayo asayende wopanda nsapato, ndipo asaothe moto mapazi ali pafupi.

Ndipo inu a pa banja, musamphikire wodwala mphika wace wa yekha ngati wocotsedwa pa mudzi. Mbale imene ndanena iyenera nyumba yonse, pakuti nthendayi itsata mtundu, ndipo ana a wodwala ali pafupi nayo koposa ena. Munthu amene adya masamba yekha pambali, anzace alikumwa zotsekemera pamaso pace, sakhala nthawi asanagonje. Mutu umodzi susenza denga.

Mwambo umene ndatsutsa unabadwa m'cikondi, ndipo sindifuna kuti cikondico cizirale. Ndifuna kuti cipenye. Pitani kukazonda odwala monga kale, ndipo pitani kawirikawiri koposa kale. Koma lolani kuti akusekeni pa njira cifukwa ca mtanga wa mphangwe ndi mtolo wa nkhuni. Kuseka kwa anthu kutha dzuwa lisanalowe. Mwendo wodulidwa sumeranso.